Pakhonde la Wosoka Nsapato

Ine ntchito yanga ndi yoyang'ana pansi.
Zaka khumi ndi zinayi pakhonde lino la pa Kamuzu Road,
anthu ndimawadziwira kumapazi.
Nkhope ndimaiwala,
koma chidendene chodyekera kumanzere
ndimachilonjera ndi dzina.

Tsono za madzi musandiphunzitse.
Salima ndi thebulo:
mvula ikagwa, madzi amaima n'kumafunsana njira,
wina osamuyankha mnzake.
Ngalande yakale ija inadya majumbo,
zitsononkho, matewera, mabotolo a zakumwa,
inakhuta, inagona,
ife n'kumaidumpha ngati chidakwa cha pakhomo.

Januwale uja inagwa masiku atatu.
Zimbudzi za kuseri kwa msika zinabweza,
zimene tinkabisa usiku
zinatuluka masana kudzatipatsa moni pamsewu.
Akabaza ankasenza njinga pamapewa.
Mayi wa tomato anayimirira pabenchi
akuwerenga mpamba wake ukuyandama.

Ndisaname, sabata imeneyo ndinapha makwacha.
Sole iliyonse m'tauni inali itayasamula.
Guluu anatha kawiri.

Ndi sabata yomweyo Abiti Sumaili anabwera
ndi tinsapato takuda ta sukulu, ta Awetu,
sitandade thu, lamba wakumanja woduka.
Mwanayo anaima apa, madzi m'misomali, akuseka.
Anandipatsa theka la mtengo.
"Lachisanu ndidzatenga."

Lachisanu anali m'tenti ya kolera kuchipatala.
Loweruka anthu ankasamba m'manja m'madzi a kolorini
pobwera kumanda.
Lamba ndinasoka ndithu.
Zili pamsomali apo.

Ogasiti kunabwera anyamata a zipewa zolimba,
chingwe choyezera, chitini cha penti wofiira.
Anadinda mtanda pakhonde langa
ngati ine ndine samu yolakwa.
Mapazi atatu achoke, akuti.
Ndinalalata mpaka thovu kukamwa.
Kapitawo wawo, a Kamphandira, anangopukuta thukuta:
"Madala, madzi sakhota chifukwa choti pali munthu."
Ndinafuna kumuyankha.
Maso anakagwera pamsomali paja.

Katapila anafukula zaka zathu zonse.
Munatuluka matayala, foni, chigaza cha galu,
ndi sole imene ndinasoka ndekha, ulusi wanga ndinauzindikira.
Fumbi miyezi itatu.
Miyala yoyalana m'mbali, simenti,
makalavati aakulu oti mwana n'kuyendamo choimirira,
ndipo ana anayendamodi, akukuwa kuti amve mawu awo akubwerera.
Atsikana awiri ankakandira nawo dothi pa ganyu,
mmodzi anandibweretsera gambutsi yobooka,
sindinamulipiritse.

Mvula yoyamba inandipeza ndili ndi singano kukamwa.
Ndinakweza katundu pamwamba mwa chizolowezi,
n'kukhala kudikira mlendo wanga wa chaka ndi chaka.
Anadutsa osandiyang'ana.
Ofiira, aphokoso, othamanga ngati asiyidwa ndi basi ya ku Lilongwe,
analowa pansi pa msewu
n'kukatulukira uko ku dambo.
Pofika madzulo anthu ankayenda ndi nsapato zouma.

Dzinja lino malonda ndi ozizira.
Mkazi wanga akuti ngalande yatidyera ndiwo.
Khonde nalo lachepa, makasitomala amaima padzuwa.

Komabe m'mawa uliwonse, ndisanatsegule bokosi,
ndimatenga ndodo yokhoma msomali kunsonga
n'kuvuula majumbo pa sefa wachitsulo uja.
Palibe anandilemba ntchito.
Akhonsolo sadziwa n'dzina langa lomwe.
Dzulo mnyamata wovala bwino, nsapato zosongoka,
anamwa madzi a m'pepala n'kuponya m'ngalande.
Ndinamuthamangira ndi nyundo m'manja, osadziwa kuti ndaigwira.
Anatola.
Akuti ndapenga, mdala wa nsapato.

Abiti Sumaili amadutsa tsidya linalo la msewu.
Ali ndi wina kumbuyo tsopano, wa miyezi isanu.
Sitinakambirane za theka lotsala.
Ndimangopukuta fumbi Lachisanu lililonse,
kupaka polishi pang'ono,
n'kuwerenga pa zala
zaka zoti phazi lija likule.